Zolemba za myuziyamu: momwe mungazisonkhanitsire, kuzilongosola ndi kuzisunga

Pa 24 Januwale 1865 moto unabuka m'nyumba yaikulu ya Smithsonian Institution, bungwe la myuziyamu ndi kafukufuku, mumzinda wa Washington. Amisiri anali ataika mbaula yotenthetsa chipinda cha zithunzi, koma paipi ya utsi anailowetsa mumpata wa khoma poganiza kuti ndi chumuni. Mwa zomwe zinapsa tsiku limenelo munali makalata a ofesi ya Joseph Henry, mlembi wamkulu woyamba wa bungwelo, pamodzi ndi mapepala a James Smithson, mwini chuma chomwe chinayambitsa Smithsonian. Denga analikonza, koma makalatawo anapita basi. Pa 2 Sepitembala 2018 myuziyamu yaikulu ya dziko la Brazil inapsanso ku Rio de Janeiro, ndipo nkhokwe ya zolemba zake, yomwe inkasimba ntchito ya zaka 200, inapsera limodzi ndi mafupa akale ndi zosema.

Moto umatchuka, koma zolemba zambiri sizitha ndi moto. Zimatha mwakachetechete. Wina akupuma pa ntchito n'kunyamula mafayilo ake kupita nawo kunyumba. Ofesi ikusamuka, makatoni n'kukaunjikidwa pansi pa masitepe. Kompyuta yakale ikutayidwa osaikopera kanthu. Ndipo woopsa kuposa onse ndi munthu wa mtima wabwino amene wapeza mapepala ali mbwee n'kunena kuti "ndiwalongosole bwinobwino", kenako n'kusakaniza zomwe sizinayenera kusakanizidwa.

Tikunena pano zolemba zomwe myuziyamu imatulutsa yokha pogwira ntchito yake: kaundula wa zinthu zolandiridwa, makalata a anthu opereka zinthu, mapangano obwereka ndi kubwereketsa, mfundo za misonkhano ya bodi, mapulani a nyumba, mafayilo a zionetsero, makope a ofufuza, malipoti a okonza zinthu zowonongeka, zithunzi, matepi ndi maimelo. Izi n'zosiyana ndi mipukutu kapena makalata akale omwe myuziyamu inagula kapena kupatsidwa kuti iziwonetsa. Zimenezo zili m'gulu la zosungidwa, ndipo zimakhala ndi nambala zake kale. Zomwe tikunenazi nthawi zambiri sizikhala ndi mwini, chonsecho ndi zimene zimayankha funso lakuti chinthu chili m'galasicho chinachokera kuti, anabweretsa ndani, ndipo anachipeza bwanji. Mafunso otere sali ongocheza. Pangano la UNESCO la 1970 loletsa malonda ozembetsa zinthu za chikhalidwe linachititsa kuti myuziyamu zizifunsidwa umboni wa njira yomwe chinthu chinadzera. Pamene dziko la Germany linagwirizana ndi Nigeria mu 2022 kubweza zosema za ufumu wakale wa Benin, womwe dera lake lili ku Nigeria, zomwe asilikali a Britain analanda mu 1897, ofufuza anachita kutsata malisiti, makalata ndi makaundula akale kuti adziwe chosema chilichonse chinalowa liti ndiponso kudzera mwa yani.

Yambani ndi pepala lokupatsani mphamvu

Musanagwire bokosi ndi limodzi lomwe, pezani chilolezo cholembedwa chochokera kwa bodi kapena mkulu wa myuziyamu. Tsamba limodzi kapena awiri n'lokwanira. Linene kuti zolemba zonse zomwe wantchito walemba kapena kulandira pa ntchito yake ndi za bungwe osati zake, litchule udindo wa munthu amene aziyang'anira nkhokwe ya zolembazo, ndipo linene kuti palibe wotaya fayilo popanda kusainira kwa munthuyo. Popanda pepala limeneli mudzafika pa khomo la wofufuza amene wakhala pa ntchito zaka makumi atatu, iye n'kukuuzani mwaulemu kuti makope ali m'kabatimo ndi ake. Mukakhala ndi chikalata cha bodi, nkhaniyo siikhalanso ya inu ndi iye.

Onaninso malamulo a dziko lanu. Ngati myuziyamu ndi ya boma, kawirikawiri zolemba zake zimawerengedwa ngati za boma, ndipo mwina simungataye kapena kusamutsa kanthu popanda chilolezo cha ofesi yosunga zolemba za dziko.

Chitani kalembera, osasuntha kanthu

Tengani kope, pensulo, tepi yoyezera ndi foni yojambulira, muyende nyumba yonse. Lowani ofesi iliyonse, sitolo, chipinda cha alonda, kudenga, kuseri kwa makabati oonetsera. Pa mulu uliwonse lembani malo omwe uli, ofesi kapena munthu amene anautulutsa, mtundu wa zolembazo, chaka choyamba ndi chomaliza chomwe mukuona, kuchuluka kwake, ndi momwe zilili, kaya zanyowa, zadyedwa kapena zili bwino. Kuchuluka muyeze m'mamita a shelefu, ndiko kuti utali womwe mafayilowo angatenge mutawaimika mondondozana. Nambala imeneyi ndi yomwe idzakuuzeni mabokosi ndi mashelefu omwe mufunika, komanso ndi yomwe mabwana amamva msanga popempha ndalama.

Jambulani kabati iliyonse ili chitsegulire, shelefu iliyonse monga mwaipezera. Pa katoni iliyonse ikani nambala yongoyembekezera. Manja adzakuyabwani kuti muyambe kusanja pomwepo, koma dziletseni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Momwe mafayilo anaikidwira ndi umboni paokha, ndipo mukangosokoneza simudzaubwezeretsanso.

Pa ulendo womwewu funsani antchito akale. Woyeretsa kapena dalaivala amene wakhalitsa amadziwa kuti makatoni a chionetsero chakutichakuti anawapititsa kuti denga litadontha, chinthu chomwe sichinalembedwe paliponse. Makompyuta, ma hard drive, mafulashi, madisiki ndi maakaunti a imelo alowenso m'kalemberayu.

Pulumutsani zomwe sizingadikire

Kalembera akatha mudzaona kuti zinthu zina sizingayembekezere ndondomeko yonse. Choyamba ndi kaundula wa zinthu zolandiridwa. Bukhu limeneli ndi lomwe limalumikiza nambala yolembedwa pa chinthu ndi mbiri yake, ndipo likatayika, myuziyamu imatsala ndi katundu wosadziwika mwini. Lijambuleni tsamba ndi tsamba sabata yomweyo, ngakhale ndi foni, ndipo zithunzizo zikasungidwe kunyumba ina. Chimodzimodzi zikalata za umwini wa malo, chikalata chokhazikitsa bungwe ndi mapangano a opereka zinthu.

Chachiwiri ndi mafilimu ndi manegativu akale. Kuyambira cha m'ma 1889 mpaka cha m'ma 1951 mafilimu ambiri ankapangidwa ndi cellulose nitrate, yomwe imayaka koopsa ndipo ikayaka siizima ngakhale m'madzi, chifukwa imadzipangira yokha mpweya woyatsira moto. Yang'anani m'mphepete mwa filimu: ina inalembedwa NITRATE, ina SAFETY. Ya nitrate, makamaka yomwe yayamba kumata, kuchita chikasu kapena kununkha, ichotseni pafupi ndi mapepala, muiike pamalo ozizira ndipo mufunse akatswiri ndi ozimitsa moto za kasungidwe kake. Yolembedwa SAFETY siiyaka chotero, koma yambiri ndi ya acetate, yomwe ikamawonongeka imanunkha viniga n'kumakwinyika. Fungo limenelo likamveka, ipatuleni, chifukwa mpweya wa asidi womwe ikutulutsa umafulumizitsa kuwonongeka kwa inzake.

Chachitatu ndi chilichonse chomwe chachita chuku kapena chili ndi tizilombo. Chikulungeni m'pulasitiki, muchitulutse m'chipindamo. Chuku chimadwalitsa, choncho valani chophimba mphuno ndi pakamwa komanso magolovesi. Pepala liyambe lauma, kenako chukucho muchisese ndi burashi yofewa pamalo opita mphepo. Mapepala omwe ali ndi njenjete kapena tizilombo tina mukhoza kuwatsekera m'thumba la pulasitiki n'kuwaika mufiriza yozizira madigiri 20 pansi pa ziro kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo potulutsa musatsegule thumbalo mpaka litafundanso lokha. Mankhwala opopera tizilombo asakhudze pepala.

Sankhani zosunga ndi zotaya

Nkhokwe ya zolemba si dzala. Ofesi yosunga zolemba za boma la United States imanena kuti pa zolemba zonse zomwe boma limatulutsa, gawo limodzi mpaka atatu okha pa 100 ndi omwe amasungidwa mpaka kalekale. Myuziyamu imasunga zochulukirapo, chifukwa ntchito yake yeniyeni ndi kukumbukira, komabe kusunga chilichonse kumakwirira zofunikazo.

Zosunga mpaka kalekale ndi zonse zokhudza zinthu zosungidwa, kuphatikizapo zomwe zinachotsedwa m'kaundula, kugulitsidwa, kubedwa kapena kubwezedwa kwa eni ake. Ambiri amaganiza kuti chinthu chikachoka fayilo yake yatha ntchito, pamene ndi nthawi imeneyo yomwe fayiloyo imafunika kwambiri. Onjezani mfundo za misonkhano ya bodi, malipoti a pachaka, malipoti a oona za chuma, ndondomeko zoyendetsera bungwe ngakhale zomwe zinasinthidwa, mapulani a nyumba, makalata a mkulu wa myuziyamu, makope a ofufuza, mafayilo a zionetsero ndi zithunzi zake, komanso makope awiri kapena atatu a chilichonse chomwe myuziyamu inasindikiza.

Zosunga kwa zaka zowerengeka ndi monga malisiti a zogula za tsiku ndi tsiku, mafomu a tchuthi ndi makalata ofunsira ntchito a anthu omwe sanalembedwe. Zaka zake zimanenedwa ndi malamulo a msonkho ndi a ntchito a dziko lililonse. Zotaya ndi makope ochuluka a chinthu chimodzi, makatalogu a ogulitsa katundu ndi mafomu osalembedwa. Koma kope lomwe wina analembapo ndemanga pamanja si lofanananso ndi anzake, lisungeni. Chilichonse chomwe mwataya chilembedwe pa mndandanda wosainidwa, wonena chomwe chinali, zaka zake ndi tsiku lotayira. Mukakayika, sungani kaye. Kutaya mungathe chaka chamawa.

Kulongosola: apa ndi pomwe ntchito imakomera kapena kuwonongekera

Pali malamulo awiri omwe osunga zolemba padziko lonse amatsata, ndipo onse awiri amatsutsana ndi zomwe mutu umafuna kuchita.

Loyamba limati zolemba za ofesi imodzi zisasakanizidwe ndi za ofesi ina, ngakhale zikunena nkhani imodzi. Linakhazikitsidwa ku France mu 1841 pa malangizo omwe Natalis de Wailly anakonza, anthu ataona chisokonezo chomwe chinadza pamene zikalata za mabungwe osiyanasiyana zinkagawidwa potengera mitu ya nkhani. Lachiwiri limati mafayilo akhale mu dongosolo lomwe eni ake ankawasungira, ndipo nyumba zosunga zolemba za boma la Prussia, ufumu wakale wa ku Germany, zinalilamula mu 1881.

Chifukwa chake chimaoneka bwino ndi chitsanzo. Tinene kuti mwapeza fayilo ya woyang'anira zionetsero. M'katimo muli kalata ya munthu wobwereketsa chosema, chithunzi chopanda mawu kuseri, lisiti la kampani yonyamula katundu, ndi kapepala kolembedwa pamanja kakuti "mwendo wakumanzere unafika uli wosweka kale". Munthu wokonda ukhondo atenga chithunzicho kukaika m'bokosi la zithunzi, lisitilo m'bokosi la zachuma, kalatayo m'bokosi la makalata motsata zilembo za dzina, ndipo kapepalako, poti sikakudziwika kuti n'ka chiyani, akataya. Mabokosi aoneka bwino zedi. Koma tsopano palibe angadziwe kuti chithunzicho chikusonyeza chosema cha yani, ndipo mwini wake akadzabwera kudzadandaula za mwendowo, umboni womwe ukanateteza myuziyamu kulibe. Mapepala anayiwo ankamveka chifukwa anali pamodzi.

N'chimodzimodzi ndi maofesi. Nkhani ya chionetsero chimodzi idzapezeka m'mafayilo a mkulu wa myuziyamu, a wazachuma, a wazamaphunziro ndi a wokonza zinthu. Musaziphatikize kuti mupange fayilo imodzi yaikulu. Aliyense ankaona mbali yake, ndipo kudziwa kuti wazachuma anali ndi kalata yakuti pomwe mkulu analibe, nthawi zina ndi komwe kumamasula nkhani yonse. Kulumikiza nkhanizo ndi ntchito ya mndandanda, osati ya manja.

Ndiye chitani motere. Jambulani pa pepala momwe bungwe lilili: bodi, ofesi ya mkulu, oyang'anira zosungidwa, zionetsero, maphunziro, zachuma, nyumba ndi chitetezo. Lembani zaka zomwe maofesi anasintha mayina kapena kuphatikizidwa, chifukwa zimenezi zidzakusokonezani mukapanda kuzidziwa. Pansi pa ofesi iliyonse ikani magulu a zolemba zofanana ntchito, monga mfundo za misonkhano, makalata, mapangano. Pansi pa gulu lililonse pakhale mafayilo monga munawapezera, kaya eni ake ankatsata zaka, zilembo kapena nambala. Mukatero nambala ya fayilo imadzipanga yokha: 3/2/14 ikhoza kutanthauza ofesi yachitatu, gulu lachiwiri, fayilo ya nambala 14. Nambala yakale yomwe fayilo inali nayo musaifute, ilembeninso pa mndandanda, popeza makalata ena amaitchula.

Nanga mulu womwe unangokhuthulidwa m'katoni, wopanda dongosolo lililonse? Pamenepo muli ndi ufulu wokonza dongosolo lanu, losavuta, kawirikawiri lotsata zaka, koma lembani kuti dongosololo ndi lanu osati la eni ake. Ndipo ngati chinthu chiyenera kuchoka m'fayilo chifukwa cha kasungidwe, monga pulani yaikulu yofunika kugonekedwa m'dirowa kapena negativu yofunika malo ozizira, siyani pepala pamalo pake lonena chomwe chachoka ndi komwe chapita, ndipo pa chinthucho lembani fayilo yomwe chachokera.

Mafayilo a zinthu zosungidwa ali ndi vuto lake. Oyang'anira zosungidwa amawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndipo amawonjezeramo mapepala, choncho sangatsekeredwe m'nkhokwe ngati zolemba zomwe zinatha ntchito. Asiyeni komwe ali, motsata nambala ya m'kaundula, koma alowe pa mndandanda wanu, akhale m'kabati yokhoma, ndipo mapepala oyambirira osowa kwambiri muwajambule kuti anthu azigwira makope.

Lembani mndandanda

Zolemba zomwe palibe angazipeze zili ngati kulibe. Bungwe la International Council on Archives linatulutsa mu 1994 ndondomeko yofotokozera zolemba yotchedwa ISAD(G), ndipo linaikonzanso mu 2000. Ili ndi mfundo 26, koma zisanu ndi chimodzi ndi zomwe sizingasowe: nambala, mutu, amene anatulutsa zolembazo, zaka, kuchuluka, ndi mlingo wa chomwe mukufotokoza, kaya ndi ofesi yonse, gulu kapena fayilo imodzi. Onjezani malo omwe bokosi lili, ngati fayilo ndi yotsekedwa, ndi nambala ya m'kaundula ya chinthu chilichonse chomwe fayilo ikutchula. Danga lomalizali ndi lomwe limasiyanitsa mndandanda wa myuziyamu ndi wa ofesi wamba.

Tebulo la Excel n'lokwanira poyambira. Mapulogalamu olembamo mindandanda yotere, monga AtoM ndi ArchivesSpace, alipo, ndipo tebulo lolembedwa mosamala limalowa m'menemo mosavuta nthawi ikadzakwana. Chofunika ndi mitu yomveka. "Makalata okhudza kubwereketsa zithunzi, 1974 mpaka 1981" ndi mutu. "Zosiyanasiyana" si mutu, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaletsa liwu limeneli m'nkhokwe iliyonse.

Yambirani pamwamba kutsika m'munsi. Fotokozani mwachidule magulu onse a nyumba yonse musanayambe kulemba fayilo ndi fayilo, ndipo pepala ndi pepala muzilemba pa zinthu zochepa zofunika kwambiri zokha. Mu 2005 Mark Greene ndi Dennis Meissner, osunga zolemba a ku United States, anadzudzula anzawo kuti amatha zaka akuzula timawaya ndi kusintha mafoda pa mabokosi ochepa pomwe milu yaikulu ili chitsekere osadziwika za m'kati. Ena anawatsutsa kuti akulimbikitsa ntchito yothamanga, koma kwa myuziyamu yomwe ili ndi munthu mmodzi pa ntchitoyi, mfundo yawo ndi yoona.

Mabokosi, mashelefu ndi chipinda

Pepala limadyedwa ndi asidi, chinyezi, kutentha, kuwala ndi tizilombo. Mafoda ndi mabokosi akhale opanda asidi. Ngati ndalama sizikukwana kugula onse, yambani ndi zolemba zofunika kwambiri, ndipo zinazo muzikulunge ndi pepala lopanda asidi musanaziike m'katoni wamba yoyera. Foda isadzaze mpaka kutupa, ndipo bokosi lisakhale lopereweza mpaka mafayilo kupindika. Polemba pa foda gwiritsani ntchito pensulo yofewa, osati bolopeni.

Mphira zomangira mapepala zichotsedwe zonse, chifukwa zimasungunuka n'kumata. Tizitsulo topanira mapepala ndi timawaya tomwe tachita dzimbiri tichotsedwenso. Tomwe tili bwino m'chipinda chouma tikhoza kudikira. Selotepu isayandikire pepala long'ambika, imasiya banga lachikasu losachoka. Kumata chikalata ndi pulasitiki yotenthetsa pa makina, komwe ambiri amayesa kuchiteteza, ndi kuchiwononga kosabwezeka. Zodula za m'nyuzipepala zili ndi asidi wambiri ndipo zimadetsa mapepala oyandikana nazo, pomwe mapepala a fakisi oterera aja amafufutika okha mpaka kuyera. Zonse ziwirizi zijambuleni pa pepala labwino. Zithunzi zilowe m'timatumba ta polyester, polypropylene kapena polyethylene, osati PVC. Pogwira mapepala, manja osamba ndi ouma amaposa magolovesi a thonje, omwe amakulepheretsani kumva pepala n'kulikokera pong'ambika. Magolovesi a nitrile asungireni zithunzi ndi manegativu.

Chipinda chisakhale chapansi pa nthaka, kudenga, pansi pa mapaipi a madzi kapena pafupi ndi khitchini. Mashelefu achitsulo ndi abwino kuposa amatabwa, omwe amatulutsa asidi komanso amaitana chiswe. Shelefu yam'munsi italikire pansi masentimita 15, ndipo mashelefu asagunde khoma lakunja. Mapepala amakhala bwino pa kutentha kwa madigiri 16 mpaka 20 ndi chinyezi cha pakati pa 35 ndi 50 pa 100. Chinyezi chikapitirira 65 kwa masiku angapo, chuku chimayamba. Koma musataye mtima ngati nambala zimenezi simungazifikire. Kusinthasintha ndi komwe kumawononga kwambiri, moti makina oziziritsa omwe amayatsidwa m'mawa n'kuzimitsidwa poweruka amapweteka mapepala kuposa chipinda chofunda pang'ono chomwe sichisintha. Bokosi lotseka bwino palokha limachepetsa kusinthaku. Ikani kachipangizo koyeza kutentha ndi chinyezi, muzilemba zomwe kakuonetsa, tsekani mawindo ndi makatani, tcherani misampha yomata m'makona kuti mudziwe tizilombo tomwe tikulowa, ndipo chakudya chisalowe m'chipindamo ngakhale cha bwana.

Zolemba za pa kompyuta

Izi ndi zomwe zimafa msanga. Mu 1986 BBC inasonkhanitsa zithunzi, mapu ndi zolemba za moyo wa ku Britain pokumbukira zaka 900 za Domesday, kaundula wa malo ndi chuma cha ku England wa mu 1086, n'kuziika pa madisiki a LaserDisc. Pofika mu 2002 makina owerengera madisikiwo anali atasowa, ndipo akatswiri a ku mayunivesite a Leeds ndi Michigan anachita kuvutika kuti awatsegulenso. Kaundula wa pa zikopa wa mu 1086 uja akuwerengekabe ku Kew, ku London, komwe boma la Britain limasunga zolemba zake.

Choncho chilichonse chomwe chili pa disiki, fulashi, CD kapena tepi chikopedwe msanga kupita pamalo amodzi oyang'aniridwa. Mafoda a pa kompyuta atsate dongosolo lomwelo la maofesi ndi magulu, ndipo lamulo losasokoneza dongosolo la eni ake ligwirenso ntchito kuno. Sungani makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi nyumbayo. Zolemba zomalizidwa zisungidwe ngati mafayilo a mtundu wa PDF/A, zithunzi ngati TIFF, mawu ngati WAV, ndipo pulogalamu yomwe mumalembamo zinthu zosungidwa muziitulutsira kope la CSV nthawi ndi nthawi, kuti kampani yake ikadzatseka musadzatsale manja ali m'khosi. Pali mapulogalamu aulere omwe amawerengera fayilo iliyonse nambala yoizindikiritsa, monga ya SHA-256. Mukaiwerengeranso chaka chamawa n'kupeza yasintha, ndiye kuti fayiloyo yawonongeka ndipo mutenge kope lina. Mayina a mafayilo ayambe ndi chaka, mwezi, tsiku, monga 2019-03-07, kuti azidzisanja okha.

Posikana mapepala, madontho 300 pa inchi ndi okwanira pa zolemba wamba, 600 pa zithunzi. Koma musayambe ndi kusikana, ngakhale ndi ntchito yomwe opereka thandizo amaikonda. Kusikana mulu wosalongosoka kumangokupatsani milu iwiri yosalongosoka. Ndipo pepala loyambirira silitayidwa chifukwa choti lasikanidwa.

Imelo ndi yomwe yalowa m'malo mwa makalata a mkulu wa myuziyamu aja. Kukambirana kwa kugula chinthu, kubwereketsa kapena kubweza kukuchitikira m'menemo, ndipo akaunti ya munthu ikatsekedwa atachoka, zonsezo zimapita. Gwirizanani ndi oyang'anira makompyuta kuti akaunti ya mkulu ndi ya oyang'anira zosungidwa isafufutidwe musanaikope.

Kutsegulira anthu

Lembani malamulo a owerenga pa tsamba limodzi: bokosi limodzi pa nthawi, pensulo yokha, zikwama kunja, wantchito akhale pomwepo. Zina zikhale zotsekedwa kwa zaka zomwe malamulo a dziko ndi bodi anena, monga mafayilo a antchito, ma adiresi a opereka zinthu, mitengo ya inshuwalansi, mapulani a chitetezo ndi malo enieni ofukulako zakale, omwe akadziwika amaitana akuba. Zithunzi ndi zolemba zokhudza miyambo yopatulika kapena mitembo ya makolo a anthu ena, funsani eni ake musanazionetse, ngakhale lamulo litakulolani.

Amene amasowetsa mafayilo kwambiri si alendo, ndi antchito anzanu. Aliyense wotenga fayilo, kuyambira mkulu, asainire ndipo kadi yonena dzina lake ndi tsiku itsale pamalo pa fayiloyo.

Madzi akalowa

Mtsinje wa Arno utasefukira ku Florence, m'dziko la Italy, pa 4 Novembala 1966, mabuku ndi zikalata zosawerengeka zinamira m'matope, ndipo zambiri zomwe timadziwa lero za kupulumutsa mapepala onyowa zinaphunziridwa pa ngozi imeneyo. Chachikulu n'chakuti muli ndi maola pafupifupi 48 chuku chisanayambe. Zonyowa pang'ono ziyalidwe pamalo opita mphepo, ndi mapepala oyamwa madzi pakati. Zonyoweratu, ngati zachuluka, zikulungidwe n'kuikidwa mufiriza kuti mudzaziumitse pang'onopang'ono. Musayese kulekanitsa mapepala omatana ali chinyowere. Konzeranitu mndandanda wa mabokosi oyenera kutulutsidwa poyamba, muwaike chizindikiro chooneka ngakhale ndi tochi, ndipo manambala a foni a oyenera kuitanidwa akhale ndi alonda.

Tsekani mpata womwe mulu unalowera

Mukalongosola zakale osakonza za lero, pakatha zaka khumi wina adzayambiranso. Lembani tebulo lonena mtundu uliwonse wa zolemba, ofesi yomwe imausunga, zaka zomwe ukhale muofesimo, ndi komwe upite pambuyo pake, kunkhokwe kapena kotayidwa. Bodi ilivomereze. Sankhani mwezi umodzi pa chaka woti maofesi onse azipereka mafayilo otsekedwa, aliyense ndi mndandanda wake.

Nthawi ziwiri zimafuna kuti mupite nokha osadikira mweziwo. Chionetsero chikamatsekedwa, pitani zinthu zisanapasulidwe: jambulani chipinda chilichonse, tengani mawu onse omwe anali pa makoma, pulani ya kayalidwe, mndandanda wa zinthu zomwe zinaonetsedwa, mapangano a obwereketsa, chikwangwani chimodzi ndi bukhu la ndemanga za alendo. Ndipo wantchito akapereka kalata yosiya ntchito kapena yopuma, khalani naye pansi sabata zingapo asanachoke, mudutse limodzi m'makabati ndi m'kompyuta yake, akuuzeni mayina a anthu omwe ali pa zithunzi ndi tanthauzo la zidule zomwe ankalemba m'makope ake. Ngati avomera, jambulani mawu ake. Pa fomu yomwe amasainitsa pobweza makiyi ndi katundu wa ofesi, onjezani mzere wa woyang'anira zolemba, ndipo fomuyo isatsekedwe mzerewo usanasainidwe.